Mwana Wanga Kumapeto kwa Benchi

Mpaka lero besibolo ndimadana nayo. Ndinene poyera, chifukwa amayi a kutchalitchi kwathu ku Mirrabooka, kuno ku Perth, amakonda kundiseleula kuti ine ndiye mayi wa katswiri, ndiye kuti malamulo ake ndinawaloweza. Sindinawaloweze, ndipo sindikufuna. Masewero anji oti anthu aimirire padzuwa maola awiri akuyang'ana munthu mmodzi akupukuta kampira pa buluku, kenako wina akamenya kamodzi, ena n'kuwerama kuyamba kulemba m'buku ngati tili kukhoti? Ife tinakulira ntchemberembaye. Ukachinya wachinya, aliyense waona, nthungululu n'kumveka mpaka kumsika. Besibolo ayi. Theka la masewerowo ndi kukumbukira zimene anachita anthu oti anafa kalekale.

Mliriwu unalowa m'nyumba mwanga kudzera mwa amuna anga. Tinabwera ku Perth pa viza yanga ya unamwino, iwo n'kupeza malo ochita kafukufuku kuyunivesite, mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Loweruka nthawi zambiri ine ndinkakhala pa shifiti kuchipatala m'tauni, ndiye mwanayo atabwera ndi kapepala koitanira ana ku besibolo, amene ankamuperekeza kubwalo anali bambo ake. Poyamba ankapita ndi laputopu kuti azigwira ntchito m'galimoto podikira. Sipanathe miyezi itatu, munthu wagula chipewa cha timu, wagula mabuku, wayamba kulawirira m'mamawa kuonera masewero a ku Amereka. Munthu woti kwathu ku Lilongwe sankatha kusiyanitsa goloboyi ndi woimbira mpira.

Ndiye kunabwera mbiri. Abale inu, mbiri! Patebulo, m'galimoto, pamzere kushopu, ngakhale potuluka m'tchalitchi: ndani anamenya mipira yambiri kunja kwa mpanda, ndani anadzamuposa, anamuposa ali ndi zaka zingati, ndani anasewera zaka zambirimbiri osajomba ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lotulutsa mabini kumsewu ankaiwala sabata ndi sabata. Tsiku la ukwati wathu ndinkachita kuwakumbutsa. Koma muwafunse za mzungu wina woponya ndi dzanja lamanzere amene anafa agogo anga asanabadwe, akuuzani mpaka nsapato imene ankavala. Ine zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo, ndikungoti eya, eya, ndikusita yunifolomu.

Nkhani imodzi yokha ndi imene inatsalira mwa ine. Anandiuza kuti kale ku Amereka anthu akuda sankaloledwa kusewera mu ligi yaikulu, ankasewera paokha. Atayamba kuloledwa, oyambawo anaziona. Kuhotela ankawabweza, ena a timu yawo yomwe sankafuna kuwapatsa dzanja, ankadya paokha, ankakhala paokha. Amuna anga ankafotokoza mokoma, manja akuyenda, poti kwa iwo inali nkhani ya m'buku. Ine inandilasa, chifukwa mwana wodya yekha ndinali naye m'nyumba.

Chaka chathu choyamba kuno, mwana wanga ankadya yekha kusukulu. Ndinadziwira pa bokosi lake la chakudya, limene linkabwerera losatsegula. Nditamupanikiza anaulula kuti anzake amati chakudya chake chikununkha, amamugwiragwira tsitsi, ndipo akakhala pabenchi iwo amasuntha. Ndiye ankakabisala kuseri kwa laibulale mpaka belu lilire. Ndinavala nsapato kuti ndipite kwa ahedi nthawi yomweyo. Amuna anga anaima pakhomo, chala chili pakamwa kuti mwana asamve.

"Mayi, kwa eni kulibe mkuwe. Tili pa viza. Mukakachita phokoso mumuonjezera mavuto mwanayu. Ana amazolowerana okha."

Ndinawamvera. Chitsiru ine, ndinawamvera. Ndinavula nsapato zija, m'mawa mwake ndinavala yunifolomu n'kukakwera basi, kukasamalira ana a eni ake wanga ali kuseri kwa laibulale. Sindinapiteko tsiku limenelo, sindinapiteko teremu yonseyo. Chaka chomwecho mwanayo anasiya kundiyankha m'Chichewa. Ndikamulankhula ankamva zonse, koma yankho linkabwera m'Chingerezi cha kuno chotulukira m'mphuno. Ndinalumbira mumtima kuti tsiku lina ndikadzaona wina akumusala mwana wanga, kaya viza kaya chiyani, adzandidziwa.

Zaka zinapita, mwana n'kukula, dzanja n'kukhwima. Anakhala woponya, uja amaima pakachulu ka dothi lofiira pakati pa bwalo n'kumaponya mpira kwa womenya wa timu ina, amene amadikira ndi chibonga. Madzulo aliwonse kuseri kwa nyumba ankaponyerana ndi bambo ake, bamboyo atanjuta ndi golovesi, mimba ili pamaondo, akufuula manambala. Anaswa windo la bafa, anabowola mpanda wa aneba. Ndinayesa kumukokera ku ntchemberembaye, ndinamugulira ndi siketi yomwe, sanaivale ndi kamodzi komwe. Gawo langa pa masewero amenewa linali kuchapa. Amene anaganiza kuti ana azigubuduka m'dothi lofiira atavala buluku loyera sanachapepo chibadwire. Mutimu yawo ya achinyamata mtsikana anali iye yekha, wakuda analinso iye yekha, ndipo zimenezo sizinkandichoka m'mutu ngakhale ndili muwodi.

M'nyumba ya kilabu yawo muli bolodi lamatabwa lolembedwa mayina ndi penti yagolide. Amuna anga anandikokerako tsiku lina lolembetsa osewera, anavula chipewa, n'kuyamba ulaliki. Anati amenewo ndi amene anaponya masewero onse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda ndi mmodzi yemwe wa timu inayo kumenya mpira n'kukafika pakona yoyamba osagwidwa. Amati nohita. Anati oponya ambiri amakalamba osaionako. Mayina anali owerengeka, onse aamuna, ndipo lomaliza penti yake inali itayamba kusuluka. Mwana wanga anaima pambali pathu, maso ali pamalo opanda kanthu pansi pa dzina lomalizalo. Mayi saphonya. Dzina la kwathu, la zilembo zambirimbiri lija limene aphunzitsi ake ankalipotoza chaka ndi chaka, ankafuna likhale pamenepo.

Zonsezo anandiuza amuna anga. Mumvetsetse bwino, zonsezo anandiuza, mpaka munthu amene amabwera kudzapenta. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sanandiuze.

Linali Loweruka lomaliza la nyengo ya masewero, kutentha kusanathe, ndipo kwa mwana wanga anali masewero omaliza mutimu imeneyo, chifukwa zaka zake zinali zitakwana zoti atuluke m'gulu la achinyamata. Ndinachonderera mnzanga wina wa ku Zambia kuti andigwirire theka la shifiti. "Yendani chabe, muzatiuza mwamene vayendela," anatero. Ndinatuluka muwodi masana, basi mpaka ku Morley, basi ina, kenako wapansi dzuwa likuswa mtengo, ntchentche zikundilondola kumaso. Masewero awo amakhala ndi zigawo zisanu ndi ziwiri. Ndinafika zitatsala ziwiri, ndikadali mu yunifolomu, chitenje chili m'chikwama.

Chimene ndinayamba kuona ndi bata. Maulendo ochepa amene ndinabwerako kale, makolo ankakuwa, agalu akuuwa, wina akuotcha masoseji uku akuseka chikhakhali. Tsiku limenelo mbali ya timu yathu kunali zii ngati pasiwa. Ndinapereka moni, anandiyankha monong'ona. Ndinafunsa bambo wina amene ndinkamudziwa nkhope kuti mwana wanga akusewera bwanji. Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero kwatentha. Ndinafunsa mayi wa pambali pake. Anamwetulira kumwetulira kouma, n'kunyamula mpando wake kukakhala patsogolo. Aa! Ndanunkha chiyani ine?

Ndinafunafuna amuna anga ndi maso. Anali tsidya lina kuseri kwa waya, patebulo la wolemba zigoli, mayi wina wachikulire wachizungu amene ankasunga buku la kilabu ndi mapensulo ake amitundumitundu. Ndinawakodola. Anandiona, ndipo anaika chala pakamwa.

Chala pakamwa. Kwa ine. Magazi anayamba kuwira pomwepo.

Mwana wanga anali pakachulu. Anaponya, womenya woyamba anamenya mphepo katatu n'kubwerera. Wachiwiri anamenyera m'mwamba, wina n'kuwakha. Wachitatu anangoima mpira ukumudutsa. Ngakhale ine wosadziwa ndinaona kuti mwanayo wawagwira pakhosi. Ndinaimirira n'kululutira ndi mphamvu zanga zonse. Ndinali ndekha. Ena anaomba m'manja kawiri katatu n'kusiya, ena anandicheukira ndi maso oti mayi khalani pansi.

Kenako ndinaona chimene mpaka pano ndikatsinzina ndimachiona. Timu ikamaliza kuponya imakakhala m'kashedi ka waya kokhala ndi benchi yaitali, kudikira nthawi yawo yomenya. Mwana wanga akulowa, anyamata aja anapatuka. Palibe anamusisita paphewa, palibe anamupatsa dzanja. Anapita kumapeto kwenikweni kwa benchi n'kukhala, atafunditsa jekete dzanja loponyera m'kutentha konse kuja, maso ali pansi. Ena onse anaunjikana kumapeto enawo, mothithikana, pakati n'kusiya malo oti anthu anayi akanakhala bwinobwino. Kochi anadutsa pamaso pake osamuyang'ana. Mnyamata wowakha mipira yake, amene anadyapo mpunga m'nyumba mwanga patsiku lokumbukira kubadwa kwa mwanayo, anatenga botolo la madzi, analiika pabenchi chapatali, analikankha ndi chala ngati akupatsa wakhate, n'kubwerera osanena liwu.

Ndinaona laibulale. Ndinaona bokosi la chakudya losatsegula. Ndinaona anthu akuda a m'nkhani ya amuna anga aja. Ndiye mundiuze inu, ndi mayi uti akanakhala pansi?

Pageti panali chikwangwani choti osewera okha. Ndinachiwerenga bwinobwino, n'kukankha geti.

"Mwana wanga wakulakwirani chiyani?" Ndinayamba m'Chingerezi, koma Chichewa chinkangolowa chokha. "Ndi galu ameneyu? Ali ndi mphere? Iwe, unadya m'nyumba mwanga iwe, unachita kuonjezera, lero madzi ukumukankhira ndi chala? Anakulera ndani?"

Kochi, bambo wamtali wofiira khosi ndi dzuwa, anabwera manja ali m'mwamba, akunong'ona kuti chonde mayi, osati pano, tikambirana pambuyo. Pambuyo! Ndinamuuza kuti za pambuyo ndinadikirapo kale zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamuuza kuti anene pamaso pa onse chifukwa chake mwana wakuda yekhayo wamukhazika payekha. Nkhope yake inafiira kuposa khosi. Anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ine mumtima n'kuti ehe, wasowa chonena.

Amuna anga anafika akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Mayi, tiyeni panja, ndikakufotokozereni."

"Fotokozani pompano. Kapena muikenso chala pakamwa?"

Anandigwira mkono n'kundinong'oneza m'Chichewa kuti ena asamve. "Palibe wamenya mpira wake n'kufika pakona chiyambireni. Ali pa nohita. Ndiye zikatere..."

Sindinawalole kumaliza. Ndinatembenukira ku benchi ija, ndipo ndinakuwa m'Chingerezi chomveka bwino, choti ngakhale a timu inayo anamva kutsidya. "Ndiye mwana wanga ali pa nohita, watsala chigawo chimodzi kuti dzina lake likwere pabolodi lanu lija, ndiye mwachita nsanje? Kuthokoza kwake n'kumeneku?"

Bwalo lonse linabuula. Sindikunama, makolo, ana, ndi wootcha masoseji yemwe. Anyamata ena anagwira kumutu. Mayi wolemba zigoli uja anaika pensulo pansi n'kuvula magalasi. Ine sindinalabadire. Ndinakakhala pamalo opanda munthu paja, mogundana ndi mwana wanga. Ndinatulutsa chitenje n'kumupukuta thukuta, ndinamuchotsa jekete lija kuopa kuti angakomoke, ndinamugwiritsa botolo kuti amwe. Thupi lake linali gwa.

"Mami, chonde tulukani," anatero m'Chingerezi chake, osandiyang'ana.

Ndinatuluka mutu uli m'mwamba. Ndinkadziona kuti ndachita chimene ndinalephera kale.

Ndili kunja kwa waya ndi pamene amuna anga anamaliza zimene ankanena. Akuti mwambo wa besibolo ndi woti woponya akakhala pa nohita, palibe amatchula. Osewera anzake, kochi, makolo, onse amatseka pakamwa, chifukwa akuti ukaitchula umaithawitsa. Ndipo woponyayo amamusiya yekha kumapeto kwa benchi, osamulankhula, osamukhudza, kuti maganizo ake asabalalike. Jekete lija n'loti dzanja lisazizire. Akuti palibe ulemu woposa umenewo umene timu ingapatse munthu, ndipo akatswiri aja akhala akunditopetsa nawo zaka zonsezi anakhalapo choncho, okhaokha.

Ndinapinda chitenje chija n'kuchibwezera m'chikwama.

Chigawo chomaliza ndinaonera nditagwira waya. Womenya woyamba anatuluka. Wachiwiri anatulukanso, koma movutikira. Mwana wanga anali atayamba kuphonya, akupukuta dzanja pa buluku pafupipafupi, ndipo kamodzi anacheukira kumene ndinaima. Ndinapemphera. Ine woti chinthucho ndinkachinyoza m'mawa momwemo, ndinapemphera mmene ndimapempherera wodwala wakayakaya. Kunatsala munthu mmodzi. Anali wochepa thupi, chisoti chikumugwera m'maso. Anakhudza mpira. Sikumenya kwenikweni ayi, kukhudza chabe. Mpira unakwera mwaulesi, unadutsa pamwamba pa golovesi ya mmodzi, wina akuuthamangira kuchokera kumbuyo, n'kugwa pa udzu pakati pawo. Womenya uja anafika pakona yoyamba.

Wotsatira anatuluka, timu yathu inapambana. Anzake anamuthamangira mwana wanga, anamukumbatira, anamunyamula, yemwe uja wa botolo misozi ili chuchuchu. Kochi anamupatsa mpira wa masewerowo kuti asunge. Mayi wolemba zigoli analemba kachizindikiro kamodzi m'buku lake n'kulitseka. Podutsa pamene ndinaima anandigwira mkono mwachifundo, n'kundiuza kuti ndisadziimbe mlandu, akatswiri ambiri m'mbiri ya masewerowa anataya nohita pa womenya womaliza. Anayamba kundiwerengera mayina. Mbirinso! Munthu mtima uli m'malere, iwo akukupatsa mbiri. Ndinathokoza chifukwa ndinaleredwa, koma ndinkafuna kumulanda mapensulo aja n'kuwathyola.

Pabolodi sipanalembedwe kanthu. Mwanayo pano ali kuyunivesite, amasewera timu ya amayi kukilabu ina, ndipo nohita sanaiyandikirenso.

Tsopano mundilole ndikwiye bwinobwino. Ine ndine namwino, ndimadziwa kuti mawu sakhotetsa mpira m'malere. Anthu omwewa kuntchito akamva kumene ndinachokera amandifunsa akumwetulira ngati kwathu timakhulupirira ufiti. Eti ufiti! Pomwe osewera awo amalumpha mzere woyera kuopa kuuponda, amavala sokosi zomwezomwezo osachapa malinga akupambana, ndipo bwalo lonse la anthu ophunzira, aphunzitsi, mainjiniya a kumigodi, limakhala duu maola awiri kuopa liwu limodzi. Zizimba zoterezi kwathu tikanaitana abusa. Ndipo ndi ulemu wanji wosala munthu? Kwathu munthu akachita bwino timamuvinira, timamuyalira chitenje kuti apondepo, timamutchula dzina mpaka mawu kusasa. Amene timamusiya yekha kumapeto ndi wakuba kapena woganiziridwa ufiti. Anthu awa anatenga chilango n'kuchitcha ulemu, osaika ngakhale kachikwangwani, pomwe pageti anakwanitsa kuika.

Ndikudziwa, mudzati nanga jekete lija, nanga kumukalipira kochi mwana akumva, nanga kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Zimenezo si zizimba ayi, ndipo musandiuze, ndinadziuza ndekha kokwanira.

Koma amene ndinawakwiyira kwambiri anali pachiwongolero. Tikubwerera ku Mirrabooka mwana anakhala kumbuyo, mpira uli m'manja, akuyang'ana panja. Amuna anga anayendetsa mpaka pamaloboti achitatu, kenako anapumira m'mwamba n'kuti, "Safunsa anadya phula."

Ndinawauza kuti aimitse galimoto. Sanaimitse, ndiye ndinawauza ikuyenda.

"Zaka zisanu ndi ziwiri mwakhala mukundithira mbiri m'makutu. Ndikudziwa amene ankatafuna fodya, ndikudziwa amene anathyoka mwendo, ndikudziwa amene anagulitsidwa timu yake n'kuyamba kuluza. Chinthu chimodzi chimene chikanandithandiza ine, mayi wake wa woponya, munachisunga kuti? M'thumba?"

"Sindinaganize kuti zingadzachitike inu mulipo. Komanso chizindikiro ndinakupatsani."

"Chala? Chala chomwe chija munandipatsa pakhomo mwanayu akudya kuseri kwa laibulale? Ndikanadziwa bwanji kuti cha lero ndiye chabwino?"

Anakonza galasi loonera kumbuyo, limene linali bwinobwino.

Tinafika kunyumba dzuwa likadalipo, mphepo ya kunyanja itayamba kuomba. Amuna anga anatsalira m'galimoto ngati akufuna chinachake pansi pa mpando. Mwana analowa, anaika mpira pamwamba pa filiji, n'kutulukira kuseri ndi nsapato zake zosewerera. Ndinamumva akuzigogoda pasimenti kuchotsa dothi. Ndinazungulirazungulira m'khitchini, ndinatsuka kapu yotsuka kale. Kupepesa mwana sanatiphunzitse kwathu. Mayi anga akandilakwira ankangondionjezera ndiwo m'mbale, nkhani n'kutha. Komabe ndinatuluka n'kukhala pasitepe pambali pake.

"Mwanawe, ine ndimaona ngati akukusala. Monga kale lija."

Anapitiriza kugogoda. Ndinadikira yankho la m'mphuno lija, loti zili bwino Mami, musadandaule, limene ana a kuno amakupatsa akafuna uchoke. Anaika nsapato pansi. Ndipo anayankha m'Chichewa, Chichewa cholemera lilime, chofunafuna mawu, chimene ndinali ndisanachimve m'kamwa mwake chichokereni chaka choyamba chija.

"Amayi, lero anandisiya ndekha chifukwa ndine wawo. Zaka zonsezi ndimafuna tsiku limeneli. Pabenchi paja ndinali ndikusangalala."

Ndinati ndinene kuti sindinadziwe. Anakweza dzanja pang'ono, mwaulemu, kuti ndidikire.

"Kale lija, kulaibulale, tsiku lililonse ndinkayang'ana kugeti. Ndinkati mwina lero amayi abwera adzakalipe. Simunabwere." Anatola nsapato inayo. "Lero ndiye mwabwera."

Sanakweze mawu. Bola akanakweza, ndikanapeza poyankhira. Ndinangokhala pasitepe paja mu yunifolomu yanga, iye akugogoda nsapato, dothi lofiira likugwera pamapazi anga.